Ndinaitana Dzuwa M'nyumba ya Mabuku

Pali cholakwa chimene ndinachita ndi mtima wofuna zabwino, koma chinazunza ana a eni ake kwa chaka chathunthu. Ndinachivomera kale pamaso pa komiti ndi pamaso pa makolo. Lero ndikuchilemba chifukwa sukulu ndi mipingo yambiri ili pa kalikiliki kukonzanso nyumba zakale, ndipo dzenje limene ndinagweramo ine likadali chiyasamire kudikira wina.

Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Kwathu ndi m'chigwa cha Domasi, kwa Mfumu Yaikulu Malemia m'boma la Zomba, kumene mtsinje wa Domasi umatsika pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa n'kulowera ku nyanja ya Chilwa. Kuno buku si mlendo. Mishoni ya Domasi inayamba mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa mpingo wa ku Scotland. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes yosula aphunzitsi, ndipo lero kuli Malawi Institute of Education, kumene amakonza masilabasi ndi mabuku a sukulu za dziko lonse, komanso Domasi College of Education, imene yakhala ikusula aphunzitsi a sekondale kuyambira 1993. Mwana wobadwira kuno amakula akuona anthu akuyenda ndi mabuku m'khwapa, nayenso amasirira.

Laibulale imene ndikunena si ya malo akuluakulu amenewa ayi. Ndi chipinda chimodzi chachitali, cha anthu a m'mudzi, chimene ana a sukulu zoyandikana amadzawerengeramo akaweruka, makamaka aja amene kwawo kulibe magetsi kapena tebulo. Anachimanga ndi akale: makoma ochindikala a njerwa zowotcha, mawindo ang'onoang'ono, siling'i wa mabolodi, ndi timabowo ta mpweya m'mwamba mwa khoma. Makoma ake aatali anayang'ana kum'mawa ndi kumadzulo. Kumadzuloko kunali khonde lalikulu la nsanamira zamitengo, ndipo kutsogolo kwa khondelo kunali mtengo wa mango umene ine ndinaupeza uli kale waukulu.

Mu 2022 ana athu amene anawerengerapo m'chipindachi, ena ali ku Blantyre, ena ku Lilongwe, ena ku Joni, anasonkha ndalama zoti tichikonze. Chinalidi chitatha. Siling'i anali atapindika ndi zitosi za mileme, nsanamira za khonde chiswe chitazidya, malata akudontha. Komiti inati ntchitoyo ndiyang'anire ine, popeza ndine ndinkasunga makiyi ndi kubwereketsa mabuku. Ndinavomera ndi chimwemwe.

Vuto linayambira pa mwezi umene ndinamangira maganizo. Unali Juni. Okhala kuno akuudziwa mwezi umenewu. Chiperoni, kamvula kozizira kochokera ku Mozambique, kamakuta Malosa masiku atatu kapena anayi, dzuwa osaoneka. Ndinakhala m'chipindamo nditavala juzi, ndikuona ana akutong'olera maso pa zilembo, ena atanyamula mabuku n'kukaunjikana pakhomo kufuna kuwala. Mtima unandipweteka. Ndinati mdani wa chipinda chino ndi mdima, ndipo ndalama za anawa ndigulira kuwala. Ndinalemba papepala zinthu zinayi: kugwetsa khonde, kuboola mawindo atatu aakulu a magalasi osatsegula kukhoma la kumadzulo, kuika malata owala asanu ndi limodzi padenga, ndi kutseka timabowo tija ndi simenti kuti mileme ndi fumbi zisalowenso.

Mmisiri woyamba kumuitana anali bambo achikulire a kufupi ndi Songani, amene anamanga nyumba zambiri m'chigwa muno. Anazungulira chipindacho kawiri ali chete, kenako anaima pansi pa mango uja pepala langa lili m'manja.

"Aphunzitsi, khondeli mukuti ligwe?"

"Eya, bambo. Likutitsekera kuwala, komanso nsanamira zake zatha."

"Nsanamira timasintha. Khondeli ndi chipewa cha khoma ili. Mukalivula chipewa, Okutobala adzakufunsani."

Ndinawalozera phiri. Ndinati kuno dzuwa la kumadzulo silivuta, chifukwa limabisala msanga kuseri kwa phirilo.

"Phiri limameza dzuwa litatha kale ntchito yake," iwo anatero. "Nanga kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko adzakutchingirani ndani?"

Za malata owala anakaniratu. Anati amenewo amayenera m'nyumba yosungiramo katundu, mmene munthu amangolowa n'kutuluka, osati mmene mwana akhale pansi maola atatu. Ndinawathokoza, ndinawapatsa ya kabaza, ndipo sindinawaitanenso. Mumtima ndinati bambowa anatsalira pa mamangidwe akale. Ndinapeza anyamata awiri achangu amene anachita zonse monga ndinawauzira, ndipo pa iwo palibe mlandu uliwonse.

Panabweranso nkhani ya ndalama. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo simenti, malata ndi magalasi zinakwera mtengo nthawi imodzi. Nditawerengera ndinaona kuti pa magalasi ndi siling'i watsopano ndiyenera kusankhapo chimodzi. Ndinasankha magalasi. Tinaphwasula siling'i wakale n'kusiya malata ali poyera, ine n'kumati ndi bwinonso chifukwa kuwala kwa padenga kufika pa matebulo popanda chotchinga. Chomaliza chinali mango. Titagwetsa khonde ndinaona kuti mthunzi wake ukugwerabe pa mawindo atsopano, ndipo ndinalamula kuti udulidwe. Amayi ena okalamba anaima patali akuonerera nkhwangwa ikulira, atagwira pakamwa, koma sananene kanthu.

Tinatsegula kumapeto kwa Ogasiti. Tsiku limenelo chipinda chinali mbee, ngati uli panja. Anthu anaomba m'manja, tinajambula zithunzi n'kutumiza pa WhatsApp kwa amene anasonkha ndalama, ndipo mayankho awo anali oyamikira okhaokha. Ndinagona ndi mtima woyera.

Seputembala ali mkati ndinayamba kuona zachilendo. Pansi pa lata lowala lililonse panagwa chigamba cha dzuwa chachikulu ngati mphasa, ndipo chigambacho chinkayenda pang'onopang'ono pa matebulo. Ana ankachithawa. Ukamalowa unkamva mipando ikukwekwereka, aliyense akusunthira kumene kwatsala kamthunzi. Amene chamupeza, pepala linkamuthobwa m'maso mpaka misozi, ndipo akakweza mutu kuyang'ana ku mashelefu ankangoona mdima. Chigamba cha padenga chikangofika kukhoma, dzuwa linali litayamba kale kulowa pa mawindo a kumadzulo, likulasa ana kumsana ndi m'makutu.

Okutobala atafika anandifunsadi. Pofika 10 koloko malata ankayamba kulira kuti tha! tha! pofutukuka ndi kutentha, ndipo ukakweza dzanja m'mwamba unkamva ngati waliyandikiza pa mbaula. Ndikukumbukira mnyamata wina wa Sitandade 8 akulemba masamu. Thukuta linatsika pamphuno n'kugwera pa kope, inki n'kumwazika, iye n'kupukuta ndi chala, linanso n'kugwa pomwepo. Anayang'ana kope lake nthawi yaitali, kenako analitseka n'kutuluka mwakachetechete. Pofika 2 koloko ana amene atsala ankagona chafufumimba pa matebulo. Ngakhale madzulo dzuwa litalowa kuseri kwa phiri, khoma la kumadzulo linkakhala likutulutsabe moto umene lamwa masana onse. Ndinkalikhudza potseka chitseko, lili ngati chiwaya chongophula kumene.

Mabuku nawo anayamba kudwala. Zikuto za mabuku a pa shelefu yoyang'anana ndi mawindo zinapindika ngati masamba a fodya wouma. Misana yofiira inasanduka yotuwa, moti mitu ina sinkawerengekanso. Guluu womata masamba anafewa, kenako n'kuuma n'kuthetheka, ndipo mwana akatsegula buku la Biology masamba ankathothoka m'manja mwake. Nyuzipepala zimene tinkasunga zinasanduka zachikasu m'milungu yochepa, zikungofumbutuka ukazigwira m'mbali.

Pamenepo ndikanapita kwa mmisiri uja. Sindinapite, chifukwa manyazi anandigwira, ndipo ndinayamba kuzimitsa moto ndi manja anga. Poyamba ndinagula makatani ochindikala abuluu pa kaunjika n'kuwapachika mkati mwa mawindo. Kuthobwa kunachepa, koma makataniwo ankatentha ngati bulangete loyanikidwa pamwala, n'kumathira kutenthako m'chipinda momwemo. Mbali imodzi ya chipinda inachita mdima, ina ikuwalabe ndi zigamba za padenga, maso a ana osadziwa kuti azolowere ziti. Kenako ndinapaka magalasiwo penti wobiriwira. Chipinda chinachita ngati uli pansi pa dziwe, kutentha kuli pompo. Ndinatenga ndalama za m'thumba mwanga n'kugula mafani awiri. Koma chimenecho chinali chaka chimene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku m'dziko lonse. Ngakhale akayaka, mafaniwo ankangotakasa mpweya wotentha womwewo, chifukwa unalibe kolowera kapena kotulukira, ndipo mapepala a ana ankauluka pa matebulo.

Chomaliza ndicho chimandiwawa kwambiri. Ndinakumbukira mmene amayi amawazira madzi pabwalo asanasese, ndipo ndinayamba kuthira ndowa ziwiri pa simenti m'mawa ndi masana. Kwa mphindi zochepa munkazizirira, kenako chinyontho chinkakwera n'kukhala m'chipinda chotsekedwacho, thukuta osaumanso pathupi. Patatha milungu iwiri ndinatulutsa dikishonale pa shelefu ya pansi n'kupeza yachita nkhungu, masamba atamatana, fungo lili guu. Buku limafuna malo ozizira, ouma ndi amthunzi. Ine ndinalipatsa dzuwa kumwamba ndi madzi pansi.

Kumayambiriro kwa Novembala mtsikana wina wa Fomu 3 anakomoka. Anali wa aja osajomba, wokhala pa mpando womwewo tsiku lililonse. Ndinangomva mpando ukugwa. Anzake anamunyamula kupita naye panja, ndipo tinasowa pomugoneka, chifukwa pamene panali mthunzi wa mango panali chitsa chokha. Tinamutengera kuseri kwa khoma la kum'mawa, tinamukupiza ndi makope, tinamumwetsa madzi, ndipo anatsitsimuka. M'mawa mwake kunabwera mayi ake. Sanakalipe. Anakhala pansi pakhomo, atapinda miyendo, n'kunena motsitsa mawu.

"Aphunzitsi, mwanayu kunyumba tilibe nyali yoti n'kuwerengera. Kuno ndiye kumunda kwake. Tsopano mwati apite kuti?"

"Mayi, ndalakwa ndine. Ndikhululukireni."

Ndinalibe mawu ena. Sabata imeneyo m'chipinda munatsala ana atatu. Ena onse ankabwereka buku n'kutsikira nalo kumtsinje, kukakhala pa miyala pansi pa mitengo, kumene kulibe tebulo ndipo madzulo udzudzu suchedwa.

Loweruka ndinakwera njinga kupita kwa mmisiri uja. Ndinawapeza atakhala pa mkeka pansi pa mtengo, akukonza mpini. Ndinafotokoza zonse, kuyambira makatani mpaka ndowa za madzi. Sanandiseke, ndipo sanandikumbutse mawu awo a tsiku lija. Anangoti, "Lolemba ndibwera dzuwa lili paliwombo. Mukonzeko kansanza ndi machesi."

Anabweradi. Asanalowe anazika kamtengo kowongoka pabwalo n'kundiuza kuti ndifune mthunzi wake. Unalibe. Unali utadzipinda patsinde pomwepo. Kenako tinalowa, iwo n'kuyatsa kansanza kaja, kuzimitsa lawi, n'kukagwira pakati pa chipinda. Utsi unakwera molunjika mpaka kumalata, unayala m'mwambamo, kenako unayamba kutsika pa ife. Sunapendekere mbali iliyonse.

"Mwauona, aphunzitsi? Ukufuna khomo. Mpweya wotentha umakwera, ndipo akale anausiyira timakomo m'mwambamu. Inu munatitseka."

Ndinakumbukira mwambi wa ndadziwa kale amene anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ndinaumva kuwawa kwake. Chinandipyoza mtima kwambiri n'chakuti kamtengo kaja kanandionetsa phunziro limene ine mwini ndinaphunzitsa ana zaka zambiri pa bolodi. Domasi ili pa madigiri 15 kum'mwera kwa Equator. Kuno dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Pakati pa nthawi ziwirizi limapendekera pang'ono kum'mwera, ndipo miyezi ina yonse limadzera kumpoto, moti mu Juni masana limangokwera madigiri pafupifupi 50. Ndiye kuti m'miyezi yotentha kwambiri dzuwa limagwa molunjika padenga, pomwe ine ndinaboola. Ndiye kutinso zenera la kumpoto kapena kum'mwera silivuta kutchinga: denga likangotulukira pang'ono, dzuwa la chilimwe limatsalira kunja, pomwe la Juni, poti ndi lotsika, limalowa pansi pa dengalo kudzafunditsa anthu kumpotoko. Koma kum'mawa ndi kumadzulo dzuwa limabwera chopingasa tsiku lililonse, ndipo kumadzulo limafika mpweya utatentha kale. Kumeneko kumafuna khonde lakuya, mtengo, kapena chotchinga choimirira. Zonsezi ndinkazidziwa ngati mayankho a mayeso, osati ngati nkhani ya khoma lathu.

Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi pensulo. Masana opanda mtambo, dzuwa limathira mphamvu pafupifupi ma watt 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, yofanana ndi hotipuleti imodzi yoyaka. Malata anga owala onse pamodzi anali pafupifupi mamita 12 oterowo. Ngakhale titati theka lokha ndilo linkadutsa, ndiye kuti ndinapachika mahotipuleti asanu ndi imodzi pamwamba pa mitu ya ana, osawerengera malata achitsulo opanda siling'i ndi mawindo atatu aja. Munthu wokhala phee amatulutsanso pafupifupi ma watt 100, choncho ana 30 ndi mahotipuleti ena atatu. Galasi limalola dzuwa kulowa, koma dzuwalo likagunda tebulo kapena katani n'kusanduka kutentha, galasi lomwelo limakutsekera mkati, monga zimachitikira m'galimoto yoimikidwa padzuwa. N'chifukwa chake makatani anga analephera: dzuwa amalitchinga lisanafike pa galasi, osati litalowa kale. Pa za kuwala, akatswiri amati kuwerenga kumafuna ma lux 300 mpaka 500, pomwe dzuwa lolunjika limafika ma lux 100,000. Ana ankafuna kapu ya madzi, ine ndinawagwetsera mtsinje. Chimene chipinda chowerengera chimafuna ndi kuwala kwa thambo, kofewa, kobwera mozungulira, osati dzuwa lenilenilo.

Ndalama zinali zitatha, choncho tinayamba ndi zimene manja angathe. Mmisiri uja anatenga chizulo ndi hamala n'kutsegula timabowo tonse, ife n'kumata waya wa sefa kuti mileme isalowe. Anachotsa magalasi a m'mwamba pa mawindo aakulu aja kuti mpweya uzidutsa. Makolo anabweretsa mphasa za bango, tinazipachika panja pa mawindo, motalikirana pang'ono ndi khoma kuti mphepo izidutsa pakati. Anyamata anakwera padenga n'kupaka laimu pa malata onse, owala ndi achitsulo omwe. Tsiku lomwelo madzulo tinayatsanso kansanza, ndipo utsi unapendekeka n'kutulukira pa kabowo ka kumadzulo. Ana anayamba kubwerera mmodzimmodzi.

Koma cholakwa changa chinali chisanathe kulipitsa. Mvula inatsuka laimu, ndipo malata apulasitiki aja anali atang'aluka m'mabowo a misomali chifukwa cha kufutukuka ndi kukhwinyata tsiku ndi tsiku. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagwetsa mvula masiku otsatizana m'chigawo chonse cha kum'mwera, madzi analowa pa ming'alu imeneyo. Anthu ambiri anataya miyoyo ndi nyumba pa nthawiyo, ndipo zathu n'zochepa poyerekeza ndi zawo. Komabe tinataya makatoni awiri a mabuku a sekondale, amene ana ambiri sangakwanitse kugula.

Ndinalemba kalata kwa ana athu amene anasonkha ndalama. Sindinanamizire namondwe, kwacha kapena anyamata omanga. Ndinalemba kuti ndinachenjezedwa ndipo sindinamvere. Ndinapempha komiti kuti ngati angasonkhenso, ntchito aitsogolere mmisiri uja, ine ndizingosunga kaundula. Anasonkhanso, zochepa kuposa poyamba, ndipo zotsalazo anakwaniritsa ndi makolo: ena nsungwi, ena mchenga wa kumtsinje, ena mphamvu zawo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ili linali denga lenileni.

Mvula itatha tinachotsa malata owala onse n'kubwezeretsa achitsulo, ndipo denga lonse tinalipaka penti woyera kuti lizibweza dzuwa. Tinaika siling'i watsopano, n'kusiya mabowo a sefa kunsonga zonse ziwiri za nyumba kuti mpweya wotentha wa pakati pa siling'i ndi malata uzituluka. Khonde la kumadzulo linabwerera, la nsanamira zanjerwa, ndipo pakati pa nsanamirazo tinaimika nsungwi zong'amba motalikirana zala ziwiri, zimene zimadula dzuwa lopingasa koma mphepo n'kumadutsa. Magalasi osatsegula tinasinthanitsa ndi ma louvre, ndipo tinaikanso ena kukhoma la kum'mawa moyang'anizana nawo. Kuwala kumene ndinkakufuna kuja mmisiri anakupeza kwina: anaboola mawindo aatali m'mwamba mwa makoma aafupi a kumpoto ndi kum'mwera, n'kuwaveka kadenga, ndipo mkati monse, makoma ndi siling'i, tinapaka zoyera kuti kuwalako kuzigundika n'kumwazikira pa matebulo. Matebulo tinawatembenuza kuti kuwala kuzidzera m'mbali mwa wowerenga, osati kumaso kapena kumsana. Mashelefu tinawachotsa kumene dzuwa lingafike n'kuwakweza pa njerwa kuti asakhudze simenti.

Anandiphunzitsanso chinthu chimene sichilira ndalama. Usiku mphepo yozizira imatsetsereka kuchokera m'mapiri kutsata chigwa. Ma louvre a m'mwamba, poti ali ndi zitsulo ndi sefa, timawasiya otsegula usiku wonse kuti njerwa zimwe kuzizira. M'mawa dzuwa likamakwera kuchokera ku Chilwa timatseka a kum'mawa, masana timatsegula, ndipo makoma ochindikala aja amasunga kuzizirako mpaka dzuwa litapendeka. Mu Juni timachita mosemphanitsa: usiku timatseka zonse, masana timalola dzuwa la kumpoto kulowa.

Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni ntchito za Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene mu 2022 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa luso lojambula nyumba. Sukulu imene anamanga kwawo ku Gando mu 2001 ili ndi denga lamalata lokwezedwa pamwamba pa siling'i wa njerwa, lotulukira kutali m'mbali, kuti mphepo izidutsa pakati ndipo makoma azikhala mumthunzi. Nditaona zithunzizo ndinazindikira nzeru yomwe ija ya bambo a ku Songani. Ndinakumbukiranso nyumba zakale za mu Zomba, monga ya Masongola ya mu 1886, ndi makonde ake akuya, komanso tinjira tofoleredwa ta njerwa ta ku Chirunga. Ndinadutsa pa nyumba zimenezi moyo wanga wonse ndikuyesa makondewo ndi okongoletsera chabe.

Okutobala wa 2023 anabwera ndi ukali wake wa nthawi zonse. Sindinganame kuti m'chipindamo munazizira ngati m'mphepete mwa mtsinje. Kunkatentha, koma kutentha koti munthu n'kukhala pansi n'kumaliza mutu wa buku. Ndinabwereka thermometer ya kusukulu, ndipo masana mkati munali mozizirirapo kuposa panja pamthunzi, pomwe chaka chapitacho zinali mosemphana. Pa matebulo panalibenso chigamba cha dzuwa, mipando inasiya kukwekwereka, ndipo mafani aja masiku ambiri sitiwayatsa. Mu chiperoni mumachita kamdima pang'ono kuposa nthawi ya malata owala, koma zilembo zimaoneka bwino pa tebulo lililonse popanda kuyatsa getsi. Mtsikana uja anabwerera pa mpando wake.

Zina sizinabwerere. Mabuku amene anathothoka ndi amene ananyowa sitinawapezenso onse. Ana ena amene anasiya kubwera m'miyezi ija anazolowera kwina, ndipo sindikudziwa kuti mayeso awo akanayenda bwanji chipinda chikanakhala chabwino. Funso limeneli limandidzutsa usiku. Pambali pa chitsa chija ndinabzala mango wina ndi manja anga, ndipo pa nsungwi za khonde tinayanzitsa magalagadeya kuti apereke mthunzi msanga. Mangoyo ndimamuthirira m'mawa uliwonse m'chilimwe, ndikudziwa kuti mthunzi wonga wa uja ndinadula adzaukhalira ndi adzukulu a ana amene akuwerenga lero.

Inu a komiti ya sukulu, a mpingo, kapena aliyense amene wapatsidwa ndalama za anthu kuti akonze chipinda chowerengera, ndikukupemphani izi. Musamange maganizo m'mwezi umodzi. Kakhaleni m'chipindacho mu Juni, mukakhalenso mu Okutobala nthawi ya 2 koloko masana, pa mpando wa mwana, buku lili m'manja. Zikani kamtengo pabwalo muone kumene mthunzi ukugwera, yatsani kansanza muone kumene utsi ukupita. Musanagwetse khonde, musanatseke kabowo, musanadule mtengo, funsani chifukwa chimene akale anaziikira pamenepo, ndipo mmisiri wachikulire akakuyankhani, mumvereni mpaka amalize.